Hamala ndi hamala basi?

Munthu amene anakulira ku Ndirande safuna wotchi kuti adziwe kuti kunja kwacha. Dzuwa lisanatuluke n'komwe kuseri kwa phiri, kumbuyo kwa msika kumayamba kumveka phokoso la amisiri osula ndowa ndi mbaula. Ukatsetserekera cha kumtsinje wa Nasolo umamva akalipentala akukhoma mipando, zitseko ndi mabokosi amaliro. Ukakwera mtunda kulowera m'mphepete mwa phiri umapeza amayi atakhala pansi, miyendo atatambasula, akuswa miyala ya kwale. Ndili mwana ndinkaganiza kuti anthu onsewa akugwiritsa ntchito chida chimodzi, poti tonse tinkangochitcha hamala. Maganizo amenewa ndinawasiya ndili Fomu 2, ndipo chimene chinandisiyitsa ndi diso la amalume anga.

Amalume ndi kalipentala. Tsiku lina anaitanidwa ku Machinjiri kukaika felemu ya chitseko m'nyumba ina yomwe inali itamangidwa kale, ndipo poti inali nthawi ya holide ananditenga kuti ndizikawapatsira zida. Titafika tinapeza kuti malo a chitsekowo ndi opanikizika, moti panafunika kusemako konkire pang'ono cha kumtunda. M'chikwama chawo munali sowo, puleni, tepi ndi hamala yawo ya masiku onse, ija ya mano awiri ozulira misomali. Mwini nyumba anatulutsa tchizulo yachitsulo yosemera khoma, yomwe mutu wake unali utaphwathalala ngati bowa chifukwa chomenyedwa zaka zambiri. Mnyamata wina womanga nyumba yoyandikana nayo anati ali ndi folo paundi koma ili kwawo ku Area 5, atha kukatenga. Amalume anayang'ana dzuwa n'kunena kuti, "Asavutike, hamala ndi hamala basi. Mphwanga, gwira makwererowa."

Anamenya mwina kakhumi. Kenaka ndinangomva akuti "Mayo!" uku atagwira kumaso. Magazi sanatuluke ambiri, ndipo iwo ankaganiza kuti ndi kamchenga chabe. Anasukusula, anamaliza kuika felemu ija ndi diso limodzi, tinakwera minibasi kubwerera kwathu. Kuchipatala anapita patatha masiku awiri, diso litatupa, ndipo madokotala anapeza kachibenthu kachitsulo kochepa ngati njere ya therere katalowa m'kati mwenimweni. Titaionetsetsa hamala ija tinapeza kuti m'mphepete mwa nkhope yake munali mutabenthuka. Diso lamanzere lija mpaka lero silionanso.

Mu nkhani ino ndikufuna kutsutsa mawu amene amalume ananena tsiku limenelo, poti si iwo okha amene amawanena. Ndimawamva ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa, kulikonse kumene munthu akukhoma kanthu. Maganizo anga ndi akuti kusankha hamala yoyenera ntchito si mwanaalirenji wa amisiri olemera a m'makampani a ku Makata. Ndi nkhani ya mmisiri wosauka makamaka, chifukwa iyeyo ndiye alibe china chodalira kupatula maso ake ndi zala zake.

Tiyambe ndi chimene chinachitika pa khoma lija, poti ambiri amangoti linali tsoka. Nkhope ya hamala ya akalipentala imaumitsidwa kufakitale: amaiwotcha n'kuiziziritsa mofulumira kuti ilimbe, isamaperepeseke pokhoma misomali. Koma chitsulo chikalimba kwambiri chimasiya kupindika, m'malo mwake chimabenthuka. Aliyense amene anagwetsapo mbale yadothi ndi mbale yachitsulo akudziwa kusiyana kumeneku, ina imasweka pomwe ina imangobwafuka. Msomali wamba ndi chitsulo chofewa, choncho ukaumenya umagonja ndi iwowo. Koma hamala yotereyi ikamenya chitsulo china cholimba, monga tchizulo yosemera khoma, msomali wa konkire kapena hamala inzake, palibe chogonja. Ukangophonya pang'ono, m'mphepete mwa nkhope yake mumalumpha kachibenthu kakuthwa kothamanga kwambiri. Nawonso mutu wa tchizulo wophwathalala ngati bowa uja umakhala ndi ming'alu, ndipo tizidutswa take timathothoka mosavuta. Amalume anaphatikiza zoopsa ziwiri nthawi imodzi, atakweza nkhope kuyang'ana m'mwamba.

Folo paundi ija anaikana inapangidwira ntchito imeneyo. Dzina lake likuchokera ku kulemera kwake, mapaundi 4, omwe ndi pafupifupi makilogalamu 1.8, pamene hamala ya akalipentala yofala kwambiri imalemera pafupifupi magalamu 450. Nkhope yake ndi yotakata kuposa mutu wa tchizulo, choncho n'kovuta kumenyera m'mphepete. Mpini wake ndi waufupi. Suchita kuiponya mwamphamvu ayi, umangoikweza pang'ono n'kuilola kuti igwe, kulemera kwake n'kumene kumagwira ntchito. Ku sekondale tinaphunzira kuti mphamvu ya chinthu choyenda imadalira kulemera ndi liwiro: ukawonjezera kulemera kawiri mphamvu imachuluka kawiri, koma ukawonjezera liwiro kawiri imachuluka kanayi. Tinaloweza zimenezi kuti tikhoze mayeso, osadziwa kuti zikunena za mahamala a kwathu. Hamala yopepuka, kuti iswe konkire, imafuna uiponye mwaliwiro, ndipo pamene ukuthamangitsa dzanja mpamene umaphonya. Liwiro lomwelo ndi labwino pa msomali, n'chifukwa chake hamala ya akalipentala ili ndi mpini wotalikirapo ndipo mmisiri wodziwa amaigwira kumapeto kwa mpini, osati pakhosi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti nzeru zimenezi zilipo kale m'makwalala mwathu. Pitani mukakhale ola limodzi pakati pa amisiri osula ku msika wa Ndirande. Aliyense ali ndi chidutswa cha njanji chimene amasulirapo, ndipo pambali pake pamakhala zomenyera zosachepera zitatu. Akafuna kuwongola kapena kupinda lata amatenga nyundo yamtengo, imene ena amaitcha maleti, chifukwa yachitsulo imasiya zipsera, imapyapyalitsa lata komanso imakanda utoto wotuwa uja umene umateteza dzimbiri. Ndowa yomenyedwa ndi chitsulo paliponse siichedwa kudontha. Akafika pophwanya mitu ya timisomali tolumikizira zigwiriro amatenga hamala ya amakanika, ija ya mutu wobulungira mbali imodzi. Yaikulu amaitenga pokhapokha akudula chitsulo chochindikala cha miyendo ya mbaula. Manja awo amasintha zida zimenezi osayang'ana n'komwe, uku akukamba nkhani za mpira.

Amayi oswa miyala nawo ali ndi dongosolo lawo. Thanthwe lalikulu amayamba alisonkhera moto kuti lichite ming'alu, kenaka amuna amaligumula ndi chihamala cha fotini paundi, cholemera kupitirira makilogalamu 6, chofuna manja awiri. Zibuma zikachepa mpamene amayi amazitenga n'kumaziswa ndi hamala yaing'ono. Ndinafunsapo mayi wina ku Bangwe chifukwa chimene sagwiritsira ntchito yaikuluyo kuti ntchito ifulumire. Anandiseka. "Achimwene, mukufuna ndigulitse kwale kapena fumbi? Yaikuluyo imanyenya mwala. Wogula amafuna miyala yofanana, ndiponso ine ndimakhala pano mpaka dzuwa kulowa. Phewa langa ndi limodzi lomweli." Mwala amaugwira ndi kamkombero kodulidwa ku tayala lakutha kuti zala zisakhale pafupi. Mayi ameneyu sanalowepo m'kalasi ya zaumisiri, koma anandiuza m'ziganizo zinayi zimene buku likanatenga tsamba lonse.

Nanga ngati nzeruzo zilipo, bwanji ambiri timanenabe kuti hamala ndi hamala? Pano ndilankhule ngati wophunzira chiyankhulo, ngakhale ndikudziwa kuti wogwira chida chimodzi amafuna kukonzera chilichonse ndi chomwecho. Ndikuona kuti mbali ina ya vutoli ili m'mawu. Liwu loti hamala tinabwereka ku Chingerezi, tinalisula kuti likhale lathu poika "l" ndi lembo la liwu kumapeto, monga tinachitira ndi supuni, buledi ndi sitolo. Kubwereka si kulakwa. Koma tinabwereka liwu limodzi lokha n'kulivundikira pa zida zambiri zosiyana. Liwu lathu lakale ndi nyundo, lomwe likupezekanso m'Chiswahili, umboni woti ndi lakale ndithu pakati pa anthu a ziyankhulo za Chibantu. David Livingstone atafika m'dera lino la mapiri a Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akuyenga chitsulo m'ng'anjo ndi kusula makasu, nkhwangwa, mikondo ndi mipeni. Anthu amenewo anali ndi chipala, mvukuto ndi nyundo zawo. Opanga chiwondo ankasasantha khungwa ndi chomenyera chamtengo, osati chachitsulo, poti ankafuna kulifewetsa, osati kuliboola. Lero liwu loti nyundo achinyamata ambiri a m'tauni amangolimva m'Baibulo kapena m'kalasi ya Chichewa.

Komabe chiyankhulo chathu sichinaiwale zonse. Chimene chinatayika m'maina chinatsala m'aneni. Timakhoma msomali, timasula khasu, timaswa mwala, timagumula khoma, timasema mpini, timawongola lata, timagogoda chitseko. Mchewa aliyense amadziwa kuti kugogoda si kugumula. M'khitchini ndiye timasamala koposa: chimanga timakonola, mphale timatibula, nsinjiro timasinja, ndipo palibe mayi amene angatenge munsi kuti avundulire nsima kapena mthiko kuti akonolere chimanga ponena kuti mtengo ndi mtengo basi. Angasekedwe mudzi wonse. Bwenzi zili bwino tikanamamvera mneni tisanatole chida. Ntchito ya amalume tsiku lija sinali kukhoma. Inali kusema konkire, ndipo mneniyo akanawauza kuti chida chokhomera si chake pamenepo.

Ndikadutsa pa tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre Mission ndimaganiza za nkhani yomweyi. Tchalitchichi chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi m'busa David Clement Scott, yemwe sanaphunzire zomangamanga, pamodzi ndi anthu akuda a m'dera lino omwenso anali asanamangepo nyumba yotere. Njerwa zake zinaumbidwa konkuno, zina m'zikombole zosemedwa mwaluso, ndipo chikuimabe patatha zaka zoposa 130. Scott yemweyo ndiye anatulutsa dikishonale yaikulu ya Chimang'anja mu 1892. Sindikhulupirira kuti ntchito ziwirizi zinangokumana mwangozi mwa munthu mmodzi. Kuti anthu amange chinthu limodzi amayenera kumvana kuti chida ichi n'chiyani ndipo ntchito yake ndi yotani. Masiku ano tili ndi Centre for Language Studies, yomwe inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996 ndipo inatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Ndikanakonda ife ophunzira chiyankhulo tikanatsika ndi makope athu kupita m'mashedi a amisiri kukatolera mawu amene iwo amagwiritsa ntchito, m'malo momangokhalira kusanthula ziganizo za m'mabuku. Kumeneko kuli mawu amene sanalembedwepo, ndipo ena mwa iwo angapulumutse diso la munthu.

Ndikudziwa chimene ena anene, ndipo sindikuchipeputsa. Anena kuti mwana wa sukuluyu akulota, mmisiri wa ku Ndirande amene akuvutika kupeza ya ufa angagule bwanji mahamala anayi? Funsoli ndi lolemera. Zida zabwino n'zodula, ndipo zotchipa zimene zadzaza m'misika zina ndi zachitsulo chongothira m'chikombole, zomwe zimasweka ngati mphika. Pamenepa ndingapemphe a Malawi Bureau of Standards, omwe akhalapo kuyambira 1972, kuti aziyang'ananso zida za amisiri monga amachitira ndi zakudya ndi masikelo. Koma yankho langa lalikulu n'lakuti kusankha bwino nthawi zambiri sikufuna ndalama. Nyundo yamtengo mmisiri aliyense atha kusema yekha ku chidutswa cha mtengo wolimba chotsala pa ntchito. Mutu wa tchizulo ukayamba kuphwathalala, kuupala pa galainda ya wowotcherera zitsulo wapafupi ndi ntchito ya mphindi zochepa. Folo paundi ya tsiku lija inali yobwereka, yaulere, ndipo mtengo wake unali kudikira theka la ola. Chimene chinasowa si ndalama koma chikhulupiriro choti kusiyanako kulipo. Ndipo tikawerengetsa bwino, amalume anakhala miyezi itatu osagwira ntchito, banja likudya ngongole. Ndalama imene inapita pamenepo ikanagula mahamala odzaza wilibala.

Ena anena kuti vuto silinali hamala koma kusavala magalasi oteteza maso. Akunena zoona, ndipo ndikuvomereza kuti magalasi akanapulumutsa diso lija. Amayi oswa miyala, ngakhale ndawayamikira, ambiri amagwira ntchito maso ali pamtunda, tizibenthu tikuuluka, ana akusewera pambali. Izi ziyenera kusintha. Koma magalasi amateteza wovala yekhayo. Ine ndinali pansi pa makwerero, nkhope ili m'mwamba, ndipo kachitsulo kaja kakanatha kusankha ine. Chida choyenera chimachepetsa ngozi pa gwero pake, magalasi amangoitchinga ikachitika kale. Tikufunika zonse ziwiri, ndipo kukhala ndi chimodzi si chifukwa chonyozera chinzake.

Pali mbali inanso imene timaiiwala, ya mpini. Akuluakulu anati nkhwangwa ikhulupirira mpini, ndipo hamala nayo n'chimodzimodzi. Mpini wamtengo ukathyoka, chizolowezi chathu masiku ano n'kupita kwa wowotcherera kuti alumikizepo paipi yachitsulo. Timati takonza kamodzi n'kamodzi. Koma mtengo umameza kunjenjemera kwa chitsulo, pamene paipi imakutumiza konse m'dzanja, m'chigongono mpaka m'phewa. Funsani aliyense amene waswa miyala sabata yathunthu ndi mpini wapaipi mmene mkono umamvekera usiku. Paipi imatereranso ikanyowa ndi thukuta, ndipo moto wowotchererawo utha kuwononga kulimba kwa mutu wa hamalayo. Ena mutu ukayamba kugwedera amaviika hamala m'madzi kuti mtengo ufufume. Zimathandiza tsiku limodzi, koma mtengowo ukauma umagwedera kuposa kale. Mankhwala ake enieni ndi kukhomera kachitsulo kapena kamtengo kosongoka pamwamba pa mpini kuti uthine m'bowo. Mutu wa folo paundi ukaguluka uli m'malere sufunsa kuti wayima apoyo ndani.

Ngakhale pamene sipavulala munthu, ntchito ndiyo imavulala. Namondwe wa Freddy atawononga nyumba zambiri mu Blantyre m'mwezi wa Malichi 2023, makamaka ku Chilobwe ndi madera ena ozungulira phiri la Soche, anthu ambiri anamanganso mothamanga, aliyense ndi chida chimene anachipeza. Ndinaona ku Zingwangwa mnyamata akukhoma malata ndi folo paundi. Msomali unkalowa ndithu, kumenya kawiri basi, koma paliponse pamene wamenya, msana wa lata unkabwafuka n'kusanduka kachigwa kosunga madzi mozungulira msomali. Mwini nyumbayo analipira malata atsopano n'kulandira denga lodontha. Apa ndiye kuti hamala imene amalume anafunika ku Machinjiri inali m'manja olakwika ku Zingwangwa, ndipo imene inawalasa ndiyo inkafunika padengapo.

Boma linakhazikitsa bungwe la TEVETA mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo mu mzinda uno tili ndi sukulu ngati Soche Technical College kumene zinthu zimenezi zimaphunzitsidwa. Koma amisiri ambiri a m'makwalala athu sanadutse kumeneko. Anaphunzira monga anaphunzirira amalume, poyamba kusesa m'shedi, kenaka kugwirira thabwa, kenaka kupatsidwa sowo. Njira imeneyi yatulutsa amisiri aluso kwambiri ndipo sindikuinyoza. Kuipa kwake n'kwakuti wophunzira amatengera zonse, zabwino ndi zoipa zomwe, ndipo kawirikawiri sauzidwa chifukwa chake. Akauzidwa kuti usamenyetse mahamala awiri, amaona ngati ndi zikhulupiriro za akuluakulu, zofanana ndi zoti mwana asakhale pa mtondo. Atauzidwa m'Chichewa chomveka kuti chitsulo chouma chimabenthuka ngati mbale yadothi, n'kuonetsedwa hamala yobenthuka, sangaiwale. Maphunziro otere safuna kalasi. Atha kuchitikira pa msika pomwepo, Loweruka masana, kapena pa wailesi.

Amalume anabwerera ku ntchito, koma si monga kale. Munthu wa diso limodzi amavutika kuyeza kutalika kwa chinthu kuchokera pamene iye ali, ndipo kwa kalipentala zimenezi zimaonekera pa mutu wa msomali. Miyezi yoyamba anadzimenya chala chachikulu kambirimbiri mpaka chikhadabo chinachoka. Tsopano iwo amayeza, amacheka ndi kupala matabwa, zokhoma anasiyira mnyamata amene akumuphunzitsa. Pakhoma la shedi yawo anakhomapo misomali inayi, ndipo uliwonse uli ndi chake: ya mano awiri, yamtengo imene anasema okha, folo paundi, ndi magalasi. Hamala yobenthuka ija sanataye. Ili m'kabati pamodzi ndi makadi a kuchipatala.

Holide yapitayi ndinakawachezera. Anali kulumikiza miyendo ya tebulo, ndipo osatembenuka anati, "Mphwanga, tandipatsa hamala." Ndinaima kutsogolo kwa khoma lija kwa kanthawi, kenaka ndinatenga yamtengo. Anailandira, anaiyeza m'dzanja, n'kupitiriza ntchito yawo.